Onga wa Alenje Pakati pa Kutentha ndi Chinyontho: Kuchokera ku Malambo Kufika m'Makomboni a Lusaka

Mzinda wa Lusaka unamangidwa pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo misewu itatu ikuluikulu yotuluka mumzindawu imalowera kumadera kumene alenje akhala akusakako nyama kuyambira kalekale. Msewu wa Great East, umene umadutsa kufupi ndi Kalingalinga ndi Mtendere, umatsikira ku chigwa cha Luangwa, chimene eni ake amachitcha Malambo. Msewu wa Kafue umalambalala Chawama n'kupita ku Chirundu ndi chigwa cha Zambezi. Ndipo msewu wa Mumbwa, wodutsa m'mphepete mwa Kanyama, umakafika ku nkhalango ya Kafue. M'mamawa wa mwezi wa Juni kapena Julaye ku Lusaka kumazizira kufika madigiri 10 kapena kutsikirapo, pamene masana a Okutobala ku Mfuwe kapena ku Feira kutentha kumapitirira madigiri 40 ngakhale pamthunzi. Kusiyana kotereku kuli ndi kanthu kwa aliyense wogwira mfuti, chifukwa onga, umene ndi ufa kapena timibulu toyaka tomwe timatulutsa mpweya wokankha chipolopolo, suyaka mofanana nyengo zonse. Mbiri ya onga m'dziko la Zambia ndi ya mitundu iwiri, wakuda ndi wopanda utsi, ndipo mtundu uliwonse unali ndi mdani wakewake, wina chinyontho wina kutentha; koma chimene chinagawira anthu mitundu iwiriyi, kuti uwu ukhale wa mlenje wa kumudzi uwo wa mzungu ndi antchito a boma, chinali lamulo la atsamunda.

Onga wakuda ndiwo unayamba kufika. Umapangidwa posakaniza zinthu zitatu, mchere wotchedwa saltpetre, makala ndi sulufule, ndipo ukayaka, gawo loposa theka la kulemera kwake silisanduka mpweya koma limatsala ngati utsi woyera ndi mwaye wonamatira mumpope wa mfuti. Kudera limene lero kuli Lusaka, lomwe ndi dziko la Asoli, onga umenewu unkabwera makamaka kudzera mumtsinje wa Zambezi, m'manja mwa Achikunda. Anthu amenewa poyamba anali akapolo onyamula zida m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi ya kumunsi kwa Zambezi, yotchedwa prazo, ndipo mindayi itayamba kupasuka m'zaka zoyambirira za m'ma 1800, ambiri anakwera ndi mtsinje n'kukhala alenje a njovu, opalasa mabwato ndi asilikali a amalonda. Malo a malonda a Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi moyang'anana ndi Feira, anatsegulidwanso cha mu 1862 atakhala bwinja kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo kuchokera kumeneko atsogoleri monga Kanyemba, amene Apwitikizi ankamutcha José do Rosário Andrade, ndi Matakenya, wotchedwanso José de Araújo Lobo, ankatumiza magulu awo kwa Ansenga, Asoli, Alala ndi Atonga kukafuna minyanga ndi akapolo, akusiyako nsalu, mikanda, mfuti ndi timigolo ta onga. Allen ndi Barbara Isaacman, m'buku lawo la 2004 lotchedwa Slavery and Beyond, anafotokoza za nkumbalume, katswiri wotsogolera alenje a njovu, amene ankadziwa mankhwala a ulenje ndi miyambo yoyenera kusungidwa ndi mlenje pamodzi ndi mkazi wake wotsala kumudzi.

Mfuti za nthawi imeneyo zinali za gogodela, ndiko kuti zothirira onga kukamwa, ndipo kuwombera kulikonse kunkayamba ndi ntchito ya manja. Mlenje ankathira onga pachikhatho kapena m'kansupa koyezera, n'kuukhuthulira mumpope, n'kuikapo sanza kapena luzi, kenako mtovu kapena kachidutswa ka chitsulo chosulidwa, n'kutsindira zonsezi ndi ndodo yachitsulo. Moto unkachokera ku mwala wogunda chitsulo, ndipo pambuyo pake ku fataki, kachipewa kakang'ono ka mkuwa kokhala ndi mankhwala othetheka kakamenyedwa. Choncho zimene alenje olemera a masiku ano amachita ngati luso lapadera, kudziyezera okha onga wa chipolopolo chilichonse, mlenje wa gogodela ankazichita mwachizolowezi, akuchulukitsa muyeso pa njati ndi njovu, akuchepetsa pa gwape ndi njiri. Kutentha sikunkamudetsa nkhawa kwenikweni, popeza onga wakuda susintha kwambiri kayakidwe kake pakati pa m'mawa wozizira ndi masana a ng'amba, ndiponso mphamvu yake mumpope ndi yochepa. Chimene ankaopa chinali chinyontho. Makala ndi saltpetre, makamaka wosayengeka bwino, zimakoka madzi a mumpweya, kotero kuti onga wosungidwa mosasamala m'nyengo ya dzinja umaumbika mibulu, umachedwa kugwira moto, kapena umangofuka osaphulika. Mwaye wotsala mumpope nawonso umakoka madzi n'kudya chitsulo. N'chifukwa chake onga ankausunga m'nyanga ya nyama kapena m'nsupa yotseka bwino, yopachikidwa kutsindwi kumene utsi wa pamoto umaumitsa zinthu, ndipo ankauyanika padzuwa mvula ikakata.

Mfuti ikakana kulira njati ili pafupi, mlenje wopulumuka ankafunsa mafunso awiri nthawi imodzi, la onga ndi la mwambo: kodi unanyowa, kapena kumudzi wina wasempha? Stuart Marks, amene anakhala pakati pa Abisa a ku Munyamadzi m'chigwa cha Luangwa m'zaka za m'ma 1960 n'kulemba buku la Large Mammals and a Brave People, lotuluka mu 1976, anapeza kuti mfuti ya gogodela inali chuma cha mbumba, cholowa m'manja mwa mphwake wa mwini wake, ndipo kuti inkachitiridwa miyambo yoiyanjanitsa ndi mizimu ya alenje akale. Kungakhale kulakwitsa kuona miyamboyi ngati umbuli wa anthu osadziwa za chinyontho, pakuti anthu omwewo ndiwo ankadziwa kuyanika onga, kuusefa ndi kuuyesa pang'ono pamoto asananyamuke. Giacomo Macola, m'buku la The Gun in Central Africa la 2016, anasonyeza kuti Akaonde ndi Aluvale a kumpoto chakumadzulo anafika pokonza okha mfuti ndi kupanga onga wawo, pamene Angoni a Mpezeni, amene ulemu wa mwamuna ankauona pa nthungo ndi chishango, sanaikire mtima pa mfuti kufikira pamene anagonjetsedwa ndi asilikali a Angerezi mu Januwale 1898.

Pamene Achikunda anali pachimake cha mphamvu zawo, ku Ulaya kunali kutapezeka onga wa mtundu wina. Mu 1884 Paul Vieille wa ku France anapanga Poudre B kuchokera ku nitrocellulose, lomwe ndi thonje losinthidwa ndi asidi. Mu 1887 Alfred Nobel anawonjezerako nitroglycerine n'kupanga ballistite. Ndipo mu 1889 Frederick Abel ndi James Dewar a ku Britain anatulutsa cordite, onga wooneka ngati tizingwe titalititali, umene pa magawo 100 alionse 58 anali nitroglycerine, 37 nitrocellulose ndipo 5 mafuta a vaselini. Onga wotere pafupifupi wonse umasanduka mpweya, sutulutsa utsi woulula pamene wowombera wabisala, ndipo pa kulemera kofanana uli ndi mphamvu pafupifupi katatu kuposa wakuda. Chaka chotsatira, pa 2 Julaye 1890, maiko a ku Ulaya anasaina pangano la ku Brussels, limene ankati cholinga chake chinali kuthetsa malonda a akapolo, ndipo m'menemo analetsa kugulitsa mfuti zamakono ndi zipolopolo zake m'chigawo chonse cha Africa kuyambira madigiri 20 kumpoto kwa ikweta kufika madigiri 22 kumwera kwake, kupatula mfuti za mwala zosalala mkati ndi onga wamba wa malonda. Dziko lonse la Zambia ya lero linali mkati mwa chigawocho. Kampani ya British South Africa, imene inalamulira mpaka 1924, ndi boma la atsamunda lolowa m'malo mwake, anasunga mzimu wa panganoli m'malamulo awo a mfuti ndi a nyama zakuthengo, kotero kuti kwa zaka zambiri munthu wakuda wamba ankatha kulembetsa gogodela kwa bwanamkubwa wa boma kapena kwa mfumu, koma mfuti yothirira kumbuyo inali ya mafumu ochepa ndi anthu amene boma linkawakhulupirira.

Azungu amene anadzisungira onga watsopanowo anatenga pamodzi ndi vuto lake. Kambulu ka onga wopanda utsi kamayaka kuyambira kunja kulowa mkati, monga mmene nkhuni yowazidwa imanyekera, ndipo nkhuni imene yakhala padzuwa tsiku lonse sichedwa kugwira moto. Kambulu kofunda kale kamafuna moto wochepa kuti kafike poyaka, motero kamanyeka msanga. Kunyeka msangako kumachulukitsa mpweya wopanikizika mumpope mtovu usanasunthe patali. Ndipo popeza onga wa mtunduwu umayaka mofulumira kwambiri ukapanikizidwa, kupanikizikako kumakolezeranso kuyaka. Cordite woyamba, chifukwa cha kuchuluka kwa nitroglycerine, anali womva kutentha kwambiri, ndiponso moto wake unkadya mipope ya mfuti, zimene zinachititsa kuti mu 1901 asinthidwe kukhala wa magawo 30 okha a nitroglycerine. Chipolopolo choyesedwa ku Birmingham kapena ku London m'nyengo yozizira, chikafika ku Zambezi mu Okutobala n'kukhala maola angapo m'lamba wa mlenje kapena mumfuti yotenthedwa ndi dzuwa, chinkatulutsa mphamvu yoposa muyeso, ndipo chigoba chake cha mkuwa chinkafufuma n'kukanirira m'chipinda cha mfuti. Kuphulika kwa mpope kunali kosachitikachitika. Choopsa chenicheni chinali chigoba chokana kutuluka pamene njati yovulala ikubwera, makamaka pa mfuti za mipope iwiri zimene kachitsulo kake kotulutsira zigoba n'kofooka.

Opanga mfuti a ku Britain anayankha m'njira ziwiri. Yoyamba inali kuchepetsa onga m'zipolopolo zopita kumaiko otentha, mwachitsanzo chipolopolo cha .450/400 cha mainchesi atatu, chimene muyeso wake wamba unali magalamu pafupifupi 3.9 a cordite, chinkapakidwanso ndi magalamu pafupifupi 3.6. Njira yachiwiri, imene zotsatira zake zikuonekabe, inali kusintha kaumbidwe ka chigoba chenichenicho. Chipolopolo cha .416 Rigby, cha 1911, chinapatsidwa chigoba chachikulu kuposa onga wothiridwamo kuti mpweya upeze malo ndipo kupanikizika kukhale kotsika, pamene cha .375 Holland & Holland, cha 1912, chinaumbidwa chosongoka pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo kufika kukhosi, kaumbidwe kolola tizingwe ta cordite kulowa bwino ndiponso kothandiza kuti chigoba chisakanirire. Alenje a ku Zambia amene lero amanyamula .375 akunyamula chigoba choumbidwa poganizira onga umene unasiya kupangidwa kalekale.

Anthu akuda anakumana ndi onga wopanda utsi ali pantchito ya ena. M'zaka za m'ma 1930 boma linayamba kulemba alenje odziwa ntchito, otchedwa mafundi, kuti azipha njovu zoononga minda, ndipo Norman Carr, amene pambuyo pake mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu zopatula malo osungirako nyama, anayamba kudziwika pa ntchito yomweyo. Mfuti yodziwika m'madipatimenti a nyama a m'chigawo chino inali .404 Jeffery, imene nayonso inkapakidwa mosapanikiza kwambiri. Ena anaphunzira ku nkhondo: asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo ku Somaliland mu 1940 ndiponso ku Burma, atanyamula Lee-Enfield ya .303 imene zipolopolo zake zambiri zinali za cordite, ndipo maina a Arakan Barracks ndi Burma Road mu Lusaka ndi chikumbutso cha ulendo umenewo. Amuna amenewa anabwerera akudziwa kusamala mfuti yamakono, koma lamulo linawabwezera ku gogodela ya amalume awo.

Makomboni anakula m'zaka zomwezo. Lusaka, amene anayamba ngati poima sitima mu 1905 n'kukhala likulu mu 1935, anakonzedwa ngati mzinda wa azungu, ndipo munthu wakuda ankatengedwa ngati mlendo wokhala ndi chitupa, woyenera kubwerera kumudzi ntchito ikatha. Lamulo la nyumba la 1948 ndilo linatsegula njira yoti mabanja azikhala m'tauni, ndipo Matero anamangidwa ndi khonsolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Koma nyumba za khonsolo sizinkakwana, motero anthu ankamanga pa minda ya eni malo amene ankatolera lendi. George anatenga dzina la George Hadjipetrou, amene anali ndi ntchito youmba njerwa kumeneko, Chawama poyamba ankatchedwa Roberts, Kalingalinga anamera pa malo a eni ake osakhalapo, Kanyama anakula pafupi ndi mafakitale ndi migodi ya miyala, ndipo Mtendere anatsegulidwa mu 1967 kuti anthu azimanga okha pa mapuloti opimidwa. Ambiri mwa okhalamo anali ochokera kum'mawa, Ansenga, Achewa, Angoni, Akunda ndi Achikunda, ndipo ndiwo anachititsa kuti Chinyanja chikhale chilankhulo cha mzindawu. Mfuti ya mbumba kawirikawiri inkatsala kumudzi, kumene inali ndi ntchito yoteteza minda ku nguluwe ndi njovu. Chimene chinkabwera m'tauni chinali nyama yowamba, yotumizidwa ndi achibale kapena yogulitsidwa mwakachetechete. Kufunika kwake kumamveka bwino pokumbukira kuti m'mabutchala a azungu munthu wakuda ankagulira pawindo, osasankha nyama, mpaka chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula chinalimbikitsa anthu kunyanyala mabutchala a mu Lusaka mu 1954. Motero komboni inalowa m'mbiri ya onga makamaka ngati msika, ndipo onga wofuka ku Rufunsa kapena ku Mumbwa unkalipiridwa ndi malipiro a ku Matero.

Kwa ochepa amene anasunga mfuti ndi zipolopolo m'tauni, monga alonda, apolisi opuma ndi amalonda okhala ndi laisensi pansi pa lamulo la mfuti limene lili chaputala 110 cha malamulo a Zambia, nyumba ya m'komboni inali ndi adani onse awiri a onga. Denga la malata lopanda siling'i limatenthetsa chipinda kuposa kunja m'miyezi ya Seputembala mpaka Novembala, ndipo mvula ikayamba, madera monga Kanyama, okhala pa thanthwe lafulati la miyala ya laimu pomwe madzi a pansi ali pafupi, amasefukira, monga zinachitikira mu 1978 pamene nyumba zambiri za zidina zinagwa. Apa pali mbali yachiwiri ya vuto la kutentha, yosiyana ndi ya tsiku lowombera. Nitrocellulose imawola pang'onopang'ono payokha, ikutulutsa mpweya wa asidi umene umafulumizitsanso kuwolako, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10, liwiro la kuwola limawirikiza kawiri kapena kuposerapo. Opanga amathiramo mankhwala monga diphenylamine kuti azimeza asidiyo, koma mankhwalawo amatha, ndipo onga wotha nthawi umadziwika ndi fungo loswa mphuno, fumbi lofiirira ndi dzimbiri mkati mwa chitini. Dziko la France linaphunzira zimenezi pamene sitima zake zankhondo ziwiri, Iéna mu 1907 ndi Liberté mu 1911, zinaphulika padoko la Toulon chifukwa cha Poudre B wowola. Kufupi kuno, pa 22 Malichi 2007, nkhokwe ya zida zakale ya Malhazine ku Maputo inaphulika m'nyengo yotentha n'kupha anthu pafupifupi 100, ambiri mwa iwo okhala m'makomboni ozungulira, ndipo akuluakulu a boma anatchula kutentha ngati chimodzi mwa zifukwa.

Pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, malonda a zipolopolo za ulenje anasamukira ku America. Mu 1956 kampani ya Winchester inatulutsa .458 Winchester Magnum, chipolopolo chofuna kufanana mphamvu ndi zakale za ku Britain koma m'chigoba chachifupi, ndipo kuti zimenezi zitheke anatsindiramo onga wa timibulu tozungulira mopanikiza. M'maiko otentha onga wotsindiridwawo, ukakhala nthawi yaitali, nthawi zina unkagwirana n'kukhala chibuma chosayaka bwino, kotero kuti vuto linatembenuka: m'malo mwa mphamvu yopyola muyeso, alenje ankadandaula za zipolopolo zofooka zosalowa mokwanira m'mutu wa njovu. Jack Lott, amene anavulazidwa ndi njati ku Mozambique mu 1959 atanyamula mfuti yotere, anatalikitsa chigobacho n'kupanga .458 Lott mu 1971. Pa nthawi yomweyo kampani ya Kynoch ya ku Birmingham inali kusiya kupanga zipolopolo zikuluzikulu zakale, ndipo ku Zambia katundu wochokera kunja anayamba kusowa malire ndi Rhodesia atatsekedwa mu Januwale 1973 ndiponso mtengo wa kopa utagwa mu 1975. Kudzipakira zipolopolo, ndiko kutenga chigoba chowomberedwa kale, kuchibwezera mumsinkhu wake, kuikamo fataki yatsopano, onga woyezedwa pa sikelo ndi mtovu, kunakhala njira imene eni mfuti zakale m'chigawo chonse cha kumwera kwa Africa ankasungira mfuti zawo zamoyo, ngakhale kuti inali njira ya okhala ndi ndalama ndi zilolezo, alenje a ntchito ndi alimi a minda ikuluikulu.

M'makomboni ndi m'midzi onga wopanda utsi unafika kudzera pakhomo lina. Nkhondo zomenyera ufulu wa Zimbabwe, Angola ndi Mozambique zinadzaza chigawochi ndi mfuti za AK-47, ndipo Lusaka anali pakati pa zonsezi, monga zinaonekera pa 19 Okutobala 1978 pamene ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Freedom Camp wa ZIPRA, gulu lankhondo lomenyera ufulu wa Zimbabwe, ku Chikumbi, kumpoto kwa mzindawu. Zipolopolo za usilikali zimamatidwa pakhosi ndi pa fataki kuti madzi asalowe, zimasungidwa m'zitini zotsekedwa, ndipo zimayesedwa m'kuzizira ndi kutentha kopyola kumene mlenje angakumane nako. Maiko a NATO, mwachitsanzo, amayesa zawo pa madigiri 21, pa madigiri 52 ndi pa madigiri 54 kunsi kwa ziro. Zida zotere zitagwa m'manja mwa opha nyama mozembera lamulo, dzinja ndi chilimwe zinasiya kukhala malire a ulenje. Kalembera wa 1973 anayerekeza kuti m'chigwa cha Luangwa munali njovu pafupifupi 86,000, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zinali zitachepa kuposa theka, ngakhale kuti boma linaletsa kusaka njovu mu 1982, ndipo chipembere chinalengezedwa kuti chatha m'dziko mu 1998, chisanabwezeretsedwe ku North Luangwa mu 2003. Kunena kuti onga ndiwo unapha njovuzo kungakhale kukokomeza, popeza mtengo wa minyanga ndi umphawi wa zaka zimenezo ndizo zinali gwero. Komabe gogodela, imene imawombera kamodzi n'kufuna nthawi yothira ndi kutsindira, sikanatha kugwetsa banja lonse la njovu pamalo amodzi.

Kukumana kwa mitundu iwiri ya onga kunabweretsanso ngozi imene siitchulidwa kawirikawiri. Munthu wozolowera kuyeza onga wakuda ndi chikhatho, akapeza onga wa m'chipolopolo chamakono n'kuuthira mu gogodela pa muyeso womwewo, amakhala wathira mphamvu yoposa imene mpope wakale, kapena wosulidwa ndi mmisiri wa kumudzi kuchokera ku paipi, ungapirire, ndipo mpopewo umang'ambikira m'manja ndi kumaso kwa mwini wake. Nzeru ya mibadwo ingapo, yoti onga woyanikidwa padzuwa ndiwo wabwino ndiponso kuti nyama yaikulu imafuna muyeso waukulu, inali yoona pa onga wakuda yekha.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 opanga anachita bwino kwambiri pochepetsa kumva kutentha kwa onga, posintha kaumbidwe ka timibulu ndi mankhwala opaka kunja kwake amene amachedwetsa kuyaka koyambirira. Onga wopangidwa ku Mulwala ku Australia, umene kampani ya Hodgdon ya ku America imagulitsa ndi maina monga Varget ndi H4350, unatchuka chifukwa liwiro la chipolopolo limasintha pang'ono chabe pakati pa chisanu ndi ng'amba, pamene onga womva kutentha ungasinthe liwirolo ndi pafupifupi mita imodzi pa sekondi pa digiri iliyonse. Kumwera kwa Africa kuno odzipakira zipolopolo akhala akudalira kwambiri onga wa Somchem wa ku Somerset West ku South Africa, wa mitundu monga S335 ndi S365. Kwa mlenje amene wayesa mfuti yake kunja kwa Lusaka m'mawa wa Julaye n'kukasaka ku Luangwa mu Okutobala, kusiyana kwa madigiri 30 kungathe kuwonjezera mamita makumi awiri kapena atatu pa sekondi. Pa njati yowomberedwa pa mamita 60 kusintha kumeneku sikusuntha pogwera chipolopolo mooneka, ndipo chofunika pamenepo ndi chomwe chinkavutitsa alenje a cordite, kuti chigoba chituluke. Koma pa lechwe wa m'madambo a Kafue, amene salola munthu kuyandikira ndipo amawomberedwa pa mamita 250 kapena 300, liwiro ndi kulemera kwa mpweya zimayamba kuoneka pa chandamale. Odziwa ntchitoyi amayesa muyeso wawo m'mwezi wotentha koposa, amasiya mpata pansi pa muyeso wotsiriza wolembedwa ndi wopanga, amasunga zipolopolo pamthunzi osati pagalasi la galimoto, ndipo amawerenga zizindikiro za kupanikizika, monga fataki yophwathalala ndi chotsekera mfuti cholimba potsegula.

Gogodela nayo sinathe. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis analiyambitsa mu 2003 m'chigwa cha Luangwa, lakhala likulandira mfuti mazanamazana, zambiri za gogodela, pamodzi ndi misampha ya waya, kuchokera kwa alenje amene amaphunzitsidwa ulimi ndi kuweta njuchi, ndipo mpunga, uchi ndi chiponde chawo zimagulitsidwa m'masitolo a mu Lusaka pa dzina la It's Wild! Lamulo la nyama zakuthengo la 2015 linathetsa bungwe la ZAWA, limene linkayang'anira nyamazo, n'kubwezera ntchitoyi m'boma, ku dipatimenti ya National Parks and Wildlife imene likulu lake lili ku Chilanga, ndipo dipatimentiyi ndiyo imapereka ziphaso za ulenje kwa nzika ndi zikalata zosonyeza kuti nyama inapezedwa movomerezeka. Mu 2017 bungwe la Wildlife Crime Prevention linayambitsa kampeni ya This Is Not A Game, imene inalunjika kwa ogula a m'tauni, ikuwachenjeza za matenda a m'nyama yosapimidwa ndi kuwalozera ku nyama ya m'mafamu ovomerezeka, chifukwa nyama zambiri zophedwa mozemba ku Kafue, Lower Zambezi ndi Luangwa zimakathera m'misika ndi m'makhitchini a Lusaka ndi a ku Copperbelt.